Kodi nkhani ya kutentha kwa dziko akuikokomeza?

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina m'boma la Ntcheu. Buku limati ndiphunzitse ana kuti dziko likutentha mofulumira ndipo kutsogoloku kuli zoopsa, koma mtima wanga sukhazikika. Agogo ankatisimbira za njala ya 1949, nthawi imene magalimoto anali owerengeka. Nyanja ya Chilwa yakhala ikuphwa n'kudzazanso kuyambira kalekale. Mwezi wa June kuno timafundabe mabulangete awiri. Pa Facebook ndaona asayansi akunja akunena kuti kutenthaku n'kochepa, kukuchitika pang'onopang'ono, ndipo anzawo akungoopseza anthu kuti apeze ndalama. Kodi nkhaniyi sakuikokomeza?

Yankho: Aphunzitsi, okokomeza alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo timakhala nawo limodzi pamisonkhano. Koma m'funso lanu mwasakanikirana nkhani zitatu zosalingana kulemera. Yakuti dziko likutentha chifukwa cha zochita za anthu, umboni wake unakwana kale. Ya liwiro la kutenthako ikadali ndi pokangana, kungoti mpata wake ndi wopapatiza kusiyana ndi mmene mavidiyo a pa Facebook aja amanenera. Ya kuopsa kwake ndiye imatengera kumene wofunsayo akukhala, ndipo munthu wa ku Ntcheu amene nsima yake imachokera m'munda wodalira mvula sangabwereke yankho kwa munthu wa ku Canada.

Agogo anu sananame. Chilala cha 1949 chinapha anthu, makamaka kuchigawo cha kummwera. Kumbuyo kwake, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika mpaka anasiya kutulukira mu Shire kwa zaka pafupifupi 20, ndipo anayambanso kuyenda cha m'ma 1935. Chilwa inaphwa mu 1968, inadzaphwanso mu 1995. Napolo anagwetsa phiri ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Katswiri wa zanyengo amene angakuuzeni kuti chilala chinabwera ndi magalimoto mum'kayikire. Chimene tikunena n'chakuti mukatenga kutentha kwa dziko lonse, pamtunda ndi panyanja zomwe, usana ndi usiku, n'kupeza pakatikati pake chaka ndi chaka, nambalayo ikukwera. Mwera ndi chiperoni zidzabwerabe mu June, ndipo mabulangete anu musagulitse.

Nambalayo siichokera m'mutu mwa munthu. Mukadzapita ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku bwalo la ndege la Chileka mudzaone kabokosi koyera kokhala pamiyendo, kotalika kufika cha pachifuwa, kokhala ndi timipata m'mbali monse. Ndi koyera kuti kasamamwe dzuwa, ndipo timipatato ndi toti mphepo izidutsa, kuti choyezera chili mkatimo chiziyeza mpweya osati kutentha kwa thabwa. Munthu amatsegula pa nthawi yake tsiku lililonse n'kulemba m'kaundula. Malo otere alipo masauzande padziko lonse, ndipo pamwamba pa amenewa pali zombo, zida zoyandama panyanja zikuluzikulu ndi masetilaiti. Zonsezi zikaphatikizidwa zikusonyeza kuti zaka za 2011 mpaka 2020 zinali zotentha ndi madigiri 1.1 kuposa zaka za 1850 mpaka 1900. Chaka cha 2024 chinafika pafupifupi 1.5, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho, zaka khumi zotentha kwambiri chiyambire kuyeza zinali za 2015 mpaka 2024, zonse motsatizana.

Panali wasayansi wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Richard Muller, amene ankakayikira manambalawa monga mukuchitira inumu. Ankati mwina zoyezera zambiri zili m'mizinda, mmene phula ndi simenti zimatentha, choncho zikunamiza. Anasonkhanitsa gulu lake, mbali ina ya ndalama inachokera ku bungwe la Charles Koch, mpondamatiki wa bizinesi ya mafuta, ndipo anawerengera zonse mwatsopano. Mu 2012 analengeza poyera kuti wasintha maganizo: kutentha kulipo, ndipo pafupifupi konse n'kochokera kwa anthu.

Choyambitsa chake chinadziwika kale ndale za nkhaniyi zisanayambe. John Tyndall anasonyeza mu 1859 kuti mpweya wa carbon dioxide umatsekereza kutentha kumene dziko limabwezera kumwamba, ndipo mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera pamanja mmene dziko lingatenthere mpweyawo utachuluka. Mafakitale asanayambe kuwotcha malasha ambiri, mpweyawu unali magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wonse. Charles Keeling atayamba kuuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 anapeza 315. Lero wadutsa 420. Timathovu ta mpweya wakale totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica tikusonyeza kuti kwa zaka 800,000 sunapyolepo pafupifupi 300. Okayikira amakonda kunena kuti magawo 420 pa miliyoni n'kanthu kochepetsetsa. N'kochepadi, koma amayi ophika therere amadziwa kuti soda wotsina ndi zala ziwiri amasintha mphika wonse, ndipo akapyoza pang'ono ndiwo zimawawa.

Nanga dzuwa? Masetilaiti akhala akuyeza mphamvu yake kuyambira 1978 ndipo siinawonjezeke. Palinso umboni wina umene ine ndimaukonda kwambiri. Dzuwa likanakhala kuti ndilo lawonjezera moto, mlengalenga monse mukanatentha kuyambira pansi mpaka pamwamba. Zimene zikuoneka n'zakuti pansi pano pakutentha pamene kumtunda kwenikweni, kupyola kumene kumafika mitambo yamvula, kukuzizira. Izi ndi zimene Syukuro Manabe ndi mnzake anawerengera mu 1967 kuti zidzachitika carbon dioxide akachuluka, ndipo Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Mapiri ophulika nawo amatulutsa mpweyawu, koma wonse pamodzi ndi pafupifupi 1 peresenti ya umene anthu amatulutsa pachaka.

Tsopano liwiro, pamene pagona kukayika kwanu. Kuyambira m'ma 1970 dziko lakhala likutentha ndi madigiri pafupifupi 0.2 pa zaka khumi zilizonse. Pakhutu zimamveka zazing'ono. Koma zaka 20,000 zapitazo, madzi oundana atakuta Canada ndi mbali yaikulu ya Britain, dziko linali lozizira ndi madigiri 5 kapena 6 okha poyerekeza ndi posachedwapa, ndipo kuchoka pamenepo kunatenga zaka pafupifupi 10,000. Ife tawonjezera digiri yathunthu ndi kupitirira m'zaka 150, gawo lalikulu m'moyo wa munthu mmodzi.

Apa okayikira ali ndi mfundo zingapo zoona, ndipo ndi bwino ana anu azimve kwa inu asanazimve pa foni. Kuchokera 1998 kufika cha m'ma 2012 kutentha kwa pamwamba pa dziko kunakwera pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene ambiri ankayembekezera, ndipo ena anati kwaima. Chinachitika n'chakuti 1998 chinali chaka cha El Niño wamphamvu (kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumatenthetsa dziko kwa kanthawi), choncho woyamba kuwerengera pachaka chimenecho amayambira pamwamba. Komanso pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezeraku kumalowa m'nyanja zikuluzikulu, ndipo mmenemo sikunaime. Zaka za 2015 ndi 2016 zitafika, nkhani yoima ija inatha yokha. Mukaona galafu pa Facebook, muziyamba mwaona chaka chimene yayambira ndi chimene yathera.

Mkangano weniweni wa asayansi uli pa funso ili: carbon dioxide akawirikiza kawiri, dziko litentha ndi madigiri angati? Mu 1979 gulu lotsogoleredwa ndi Jule Charney linati pakati pa 1.5 ndi 4.5, ndipo kwa zaka zambiri mpatawo sunachepe. Chovuta ndi mitambo, chifukwa ina imabweza dzuwa pamene ina imasunga kutentha. Asayansi ena odziwika, monga Richard Lindzen amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya MIT ku America, akhala akunena kuti yankho lili pansi kwambiri. Umboni umene wasonkhanitsidwa sunawayikire kumbuyo. Mu 2021 bungwe la IPCC, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zanyengo wa dziko lonse, linati mwachidziwikire ndi pakati pa 2.5 ndi 4, ndipo 3 ndiye nambala yodalirika kwambiri. Taonani kuti mpatawo wachepa mbali zonse ziwiri: nambala zoopsa zedi zatsika mwayi, koma zotonthoza zija nazonso zachoka. Mapulogalamu ena atsopano a pakompyuta olosera zanyengo ankaonetsa kutentha kopyola muyeso, ndipo asayansi eni ake ndi amene anaona vutolo n'kusawadalira mwachimbulimbuli.

Kukokomeza kwenikweni ndakuona m'malo awa. Lipoti la IPCC la 2007 linali ndi chiganizo chakuti madzi oundana a m'mapiri a Himalaya akhoza kutha pofika 2035. Zinali zolakwika, ndipo bungwelo linavomera mu 2010. Lipoti la 2018 linati kuti kutentha kusapyole 1.5, mpweya wotulutsidwa uyenera kutsika pafupifupi ndi theka pofika 2030, koma pofika m'makwalala uthengawo unasanduka wakuti dziko latsala ndi zaka 12. Palibe lipoti linanena zimenezo. Palinso chiyerekezo china chotchedwa RCP8.5, chongoganizira kuti anthu adzawotcha malasha ochuluka kwadzaoneni, chimene nyuzipepala zinkachilemba ngati ndiye njira imene tikuyenda. Masiku ano akatswiri ambiri akuti n'chokayikitsa, mwa zina chifukwa magetsi a sola atsika mtengo kwambiri. Malipoti aposachedwa a nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe akuti malamulo amene mayiko ali nawo panopa akutitengera ku madigiri pafupifupi 3 pofika 2100.

Koma musaiwale kuyesa olosera ndi zimene analosera. Phiri la Pinatubo litaphulika ku Philippines mu 1991, gulu la James Hansen ku NASA linanena kuti fumbi lake liziziritsa dziko ndi pafupifupi theka la digiri kwa zaka ziwiri, ndipo zinaterodi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 anaunika mawerengero amene asayansi a kampani ya mafuta ya Exxon anachita kuyambira 1977, n'kupeza kuti analosera kutenthaku molondola, pa nthawi imene kampaniyo poyera inkafesa chikayiko. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu akwera ndi masentimita pafupifupi 20 kuyambira 1901, ndipo liwiro lake lachoka pa mamilimita 1.3 pachaka kufika pa 3.7.

Pa nkhani ya kuopsa, nazonso mfundo za okayikira zilipo. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linapeza kuti anthu ofa ndi ngozi zokhudza nyengo anali opitirira 50,000 pachaka m'ma 1970, ndipo m'ma 2010 anatsika kufika pansi pa 20,000. Zoona zimenezo, ndipo chifukwa chake ndi machenjezo ofika msanga, misewu, nyumba zolimba ndi chuma. Ndiye kuti kuopsa kwa mvula kapena kutentha kumadalira zimene munthu ali nazo zodzitetezera, ndipo lipoti lomwelo linati mwa imfa khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zinachitika m'mayiko osauka. Okayikira amanenanso kuti carbon dioxide ndi chakudya cha zomera. Tirigu, mpunga ndi soya zimapindulako ndithu madzi ndi feteleza zikakwana. Chimanga chimapindula pang'ono kwambiri, chifukwa kapangidwe ka masamba ake n'kosiyana, ndipo ife timadya chimanga.

Mulowe m'munda mu February chimanga chitamasula ngayaye. Mungu umayoyoka m'mawa, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu zapachisononkho uyenera kulandira mungu wake kuti pabadwe njere imodzi. Nthawi yake ndi ya masiku owerengeka. Ng'amba ikagwa sabata imeneyo dzuwa n'kumawotcha, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umauma usanagwire ntchito, ndipo pokolola mumasenda chisononkho chachikulu bwino n'kupeza njere zamwazikana apa ndi apo, kunsonga kuli mbee. Mvula ya chaka chonse ikhoza kukwana ndithu pa kaundula, koma nkhokwe osadzaza. David Lobell wa pa yunivesite ya Stanford ndi anzake a bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT anaunika minda yoyeserera chimanga yopitirira 20,000 mu Africa muno, ndipo mu 2011 anafalitsa kuti digiri iliyonse yopyola 30 imene chimanga chakhalamo kwa tsiku imachotsa pafupifupi 1 peresenti ya zokolola mvula ikamagwa bwino, ndi 1.7 peresenti kukakhala chilala. Onjezani kuti mtunda umatentha msanga kuposa nyanja, moti nambala ya dziko lonse ija ndi yotsika poyerekeza ndi zimene mkati mwa Africa muno mumalandira. Mlimi wa ku Chikwawa, Nsanje kapena Balaka ali kale m'malire mwa madigiri amenewo.

Pa mvula yokha ndikhale wosamala. Malawi ali pakati pa kummawa kwa Africa, kumene mawerengero ambiri akuti kudzanyowa, ndi kummwera kumene akuti kudzauma, choncho mapulogalamu sagwirizana pa kuchuluka kwa mvula yathu ya pachaka. Chimene amagwirizana n'chakuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo umayamwanso madzi m'nthaka msanga. Zotsatira zake ndi mvula yogwa yambiri nthawi imodzi ndi dothi louma msanga pakati pake. Anamondwe nawo, IPCC sikunena kuti adzachuluka chiwerengero. Ikunena kuti mwa amene adzabwere, amphamvu adzakhala ambiri ndipo adzakhuthula mvula yochuluka.

Pali gulu la asayansi lotchedwa World Weather Attribution limene limaunika ngozi imodziimodzi kuti lione dzanja la kutentha kwa dziko. Mayankho ake awiri okhudza kuno ndi ofunika kuwaika pamodzi. Litaunika namondwe Ana ndi anzake a mu 2022, uja anaononga Kapichira n'kutisiya mumdima, linati kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula yake, ngakhale linalephera kunena kuti ndi mlingo wotani chifukwa makaundula a mvula a kuno ali ndi mipata. Litaunika chilala cha 2024, chimene chinachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, linati wolakwa wamkulu ndi El Niño, ndipo dzanja la kusintha kwa nyengo silinaoneke bwino. Anthu ongofuna kuopseza sakanatulutsa yankho lachiwirilo.

Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, anaoloka nyanja yonse ya Indian, ndipo anakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense wolembedwa m'kaundula. M'Malawi muno ofa ndi osowa anapyola 1,000. Koma aliyense amene anaona Chilobwe akudziwa kuti mvula inapeza phiri la Soche lili lometa, nyumba zitakwera mpaka m'matherezi ndi m'njira za madzi. Apa ndiye ndimakwiya ndi kukokomeza kwathu kwa kuno. Mawu akuti kusintha kwa nyengo asanduka pothawira. Mlatho womangidwa ndi simenti yochepa ukakokoloka, ngalande zotsekeka ndi zinyalala zikasefukira, mtsinje ukadzaza mchenga chifukwa talima mpaka m'mphepete, wolankhula pamwambo amangoti kusintha kwa nyengo, nkhani n'kuthera pomwepo popanda woyankhapo. Mvula yamphamvu ikuwonjezekadi, ndipo chimenecho n'chifukwa chomangira mlatho wolimba kuposa kale.

Za ndalama sindikutsutsani. Misonkhano ya kunyanja yokhala ndi maalawansi, imene imatha popanda mtengo umodzi wodzalidwa, tonse timaidziwa. Koma ngati ndalama ndiye muyeso wokayikira munthu, muyese mbali zonse, chifukwa makampani a mafuta, malasha ndi gasi ali ndi chuma chimene mabungwe onsewa sangachiyandikire. Ndipo ana anu musawasenzetse mlandu umene si wawo. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi 0.1 tani ya carbon dioxide pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pamene wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Africa yense sakwana 4 peresenti ya dziko lonse. Kuwotcha makala kukutiphera mitsinje ndi nthaka yathu, ndipo pa chifukwa chimenecho n'koyenera kulimbana nako, koma si mbaula ya amayi a ku Ntcheu imene yatenthetsa nyanja ya Indian.

Mwina mungafunse chimene chingandisinthe maganizo. Kutati carbon dioxide akupitirira kukwera koma dziko n'kuzizira kwa zaka 15 kapena 20 popanda phiri lalikulu lophulika, kutentha kwa m'nyanja zikuluzikulu nakonso n'kumatsika, ndingavomere kuti penapake tinaphonya kwakukulu. Funso lomweli mudzawafunse a m'mavidiyo aja.

Mkalasi, phunzitsani zimene zayezedwa monga zoyezedwa, ndipo zimene zili ndi mpata muzitchule ndi mpata wake, kuti 2.5 mpaka 4. Kenako ikani choyezera mvula pasukulupo, popeza mwaona kuti kusowa kwa makaundula n'kumene kunalepheretsa akatswiri kuyankha mokwanira za namondwe Ana. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu akhoza kukuonetsani chenicheni ndi mmene amachiwerengera, koma poyambira chitini choongoka m'mbali, chosapindika pansi, chikwanira. Chiikeni pabwalo kutali ndi mitengo ndi madenga, pamalo oti mbuzi sizingachigwetse. Ana aziyeza ndi rula m'mamilimita m'mawa uliwonse pa ola lomwelo, azikhuthula madziwo, ndipo tsiku lopanda mvula azilemba 0 osasiya mpata. Chaka chilichonse alembenso tsiku limene mvula yobzalira inagwa ndi kutalika kwa ng'amba yaikulu ya mu January ndi February. Akatswiri amafuna zaka 30 kuti anene za nyengo ya malo, choncho kaundulayo akhale wa sukulu, azisungidwa mu ofesi ya ahedi kuti mphunzitsi wodzalowa m'malo mwanu adzapitirize.